Volovolo ya agogo yapezeka m'thiranki ku Mufakose: ndiikwechese, ndiigulitse kapena ndiisunge?

Funso: Agogo athu aamuna anali ochokera ku Zomba, ndipo ankati anali msilikali wa Keyala (King's African Rifles) asanabwere ku Halale kudzagwira ntchito. Anamwalira kalekale, koma thiranki yawo ankaisunga yokhoma ndi agogo aakazi, omwe atisiya chaka chatha kuno ku Mufakose, mu mzinda wa Halale. Titaitsegula tapezamo volovolo, mfuti yaing'ono ya m'manja, ili m'chikwama chake chachikopa. Imathyoka pakati, yalembedwa kuti Webley, ili ndi kachizindikiro konga phazi la nkhuku, ndipo yachita dzimbiri pang'ono. Munalinso kachitini ka fodya ka zipolopolo zisanu. Mnyamata wina akuti atipatsa madola 150. Ine ndikufuna ndiikwechese iwale, mwinanso ndiyambe kusonkhanitsa mfuti zakale. Nditani? (Mdzukulu wa ku Mufakose)

Yankho: Pepani kwambiri ndi maliro a agogo, bambo. Mwachita bwino kufunsa musanagwire sandipepa, paja safunsa anadya phula. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikusamalira mavolovolo akale muno mu Harare, ndipo ambiri amene amafika pa tebulo langa ataonongeka sakhala kuti awonongedwa ndi dzimbiri. Amakhala awonongedwa ndi manja a eni ake omwe ankafuna kuwachitira zabwino.

Tiyambe ndi za boma, chifukwa zikapanda kulongosoka, zina zonsezi zilibe poimira. Lamulo la mfuti la dziko lino la Zimbabwe, Firearms Act Chapter 10:09, sililola munthu kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chiphaso cha apolisi. Chiphasocho chimakhala m'dzina la munthu ndi nambala ya mfuti yake, ndipo chimakonzedwanso pakatha zaka zitatu. Sichigawidwa pa chuma chamasiye ngati mbale kapena njinga. Ngakhale zitapezeka kuti agogo anali nacho, chinapita nawo kumanda, ndiye panopa m'nyumba mwanumo muli mfuti yopanda mwini wodziwika kuboma. Musadalire ukalamba wa mfutiyo kuti uchotsa mlandu. Mu 2022 boma linapereka nyengo ya chikhululuko, kuyambira mu Ogasiti mpaka kumapeto kwa Seputembala, kuti anthu apereke mfuti zosalembetsa popanda kuimbidwa mlandu, ndipo mfuti zosiyidwa ndi omwalira zinali m'gulu la zomwe apolisi ankafuna. Inu musadikire nyengo ina yotere. Munthu amene wapita yekha kukanena amalandiridwa mosiyana ndi amene am'peza nayo.

Mnyamata wa madola 150 uja mukaneni lero lomwe, ndipo musamuonetsenso. Wosonkhanitsa mfuti weniweni amayamba wafunsa za mapepala, ndipo kugulako kumadzera kwa wogulitsa mfuti wovomerezeka. Amene akufuna volovolo yosalembetsa pamodzi ndi zipolopolo zake, ndalama pamanja, ali ndi ntchito ina imene akufuna kukagwira nayo usiku. Ikadzapezeka pa malo a umbanda, njira yake idzabwerera pakhomo panu.

Kupolisi mupite chimanjamanja poyamba. Musaitenge m'chikwama n'kukwera nayo kombi. Tengani chitupa chanu, kalata za imfa za agogo onse awiri, ndi mapepala a chuma chamasiye ngati munakalembetsa kwa Master of the High Court, ofesi yoona za chuma chamasiye. Fotokozani momwe mwaipezera, iwo akuuzani ngati abwera kudzaitenga kapena ayi. Popereka, pemphani kalata yosonyeza mtundu wa mfuti, nambala yake ndi chiwerengero cha zipolopolo, ndipo nenani momveka kuti banja likufuna kufunsira chiphaso kapena kuipereka kumalo osungira zinthu zakale. Adzafufuza ku Central Firearms Registry, kaundula wa mfuti wa apolisi, ngati inalembedwapo. Ndisakunamizeni: mfuti yomwe sinalembetsedwepo chiyambire imatha kutsalira m'manja mwa boma. N'chifukwa chake ndikufuna kuti zimene ndinene tsopanozi muzichite isanachoke pakhomo, ili yotsegula, mabowo onse asanu ndi limodzi akuoneka kuti mulibe kanthu, ana ali kutali.

Ijambuleni. Yalani nsalu yoyera pafupi ndi windo, masana, ndipo mujambule mbali zonse, kenako chilembo chilichonse pachokha, ngakhale kakang'ono ngati njere ya therere. Volovolo ya Angerezi ndi chitsulo cholankhula. Fakitale inalembapo, woyesa mphamvu yake analembapo, asilikali analembapo, ndipo wodziwa kuwerenga amatha kutsata ulendo wake wonse.

Kampani ya Webley, yomwe pambuyo pake inadzatchedwa Webley & Scott, inali ku Birmingham. Asilikali a Britain anayamba kugwiritsa ntchito volovolo yake yothyoka pakatiyi mu 1887, yotchedwa Mark I, ya zipolopolo zazikulu za .455. Nzeru yake inali pa kuthyokako: mukakankha kachitsulo ka pachala chachikulu, mpope umagwadira pansi, ndipo kanyenyezi ka pakati pa silinda, chitsulo chozungulira chimene mumalowa zipolopolo, kamakankha makoko onse asanu ndi limodzi nthawi imodzi. Kwa munthu wa pahatchi chimenecho chinali chamtengo wapatali. Mark IV inatuluka mu 1899, ndiye ya nkhondo ya Mabunu ku South Africa. Mark V inabwera mu 1913, silinda yake atainenepetsa pang'ono kuti ipirire wonga watsopano wosafuka utsi. Mark VI ndi ya 1915, mpope wake mainchesi 6, kulemera kwake kupitirira pang'ono kilogalamu imodzi, chigwiriro chake chamakona pamene akulu ake aja anali ndi chigwiriro chopindika ngati mutu wa mbalame. Ngati yanu ndi imeneyi, kumanzere kwa thupi lake mupeza mawu akuti MARK VI ndi chaka chimene inapangidwa.

Koma pali msampha umene umakola anthu ambiri. Ilipo Webley ina yotchedwanso Mark IV, yocheperapo, ya zipolopolo za .38, yomwe sikhudzana ndi ya Mabunu ija kupatula dzina. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, akuluakulu a asilikali anaona kuti .455 ndi yolemera kwa msilikali wophunzira mothamanga, ndipo mu 1932 anasankha volovolo ya .38 yopangidwa ku fakitale ya boma ku Enfield, yofanana kwambiri ndi Webley moti kampaniyo inadandaula kuti aibera nzeru. Nkhondo yachiwiri itavuta, Enfield inalephera kukwanitsa, ndiye boma linagulanso kwa Webley mavolovolo a .38 oposa 100,000. Ambiri mwa amenewa anadindidwa mawu akuti WAR FINISH, kampani ikudziteteza kuti kusasalala kwake n'chifukwa cha changu cha nkhondo. Kusiyanitsa ziwirizi n'kosavuta. Ikani rula pa bowo la mpope: mamilimita pafupifupi 11 ndi theka ndi .455, pafupifupi 9 ndi .38. Ngati agogo anali msilikali pa nkhondo yachiwiri, ine mtima wanga uli pa ya .38, ngakhale Mark VI zinagwirabe ntchito mpaka nkhondo yachiwiri.

Tsopano phazi la nkhuku lija. Umenewo ndi muvi wa boma la Britain, chizindikiro chakuti chinthucho chinali katundu wa asilikali. Pafupi nawo mwina muona chisoti chachifumu, zilembo GR za Mfumu George, ndi timbendera tiwiri topingasa tokhala ndi P pansi pake, kusonyeza kuti asilikali anaiyesa n'kuivomereza. Yang'anitsitsani ngati mivi ili iwiri yogundana nsonga. Zikatero ndiye kuti boma linaigulitsa mwalamulo itatha ntchito yake. Mukaona chipolopolo chamapiko ndi zilembo W&S, chimenecho ndi chizindikiro cha kampani. Chinanso chimene ine ndimayamba kufufuza ndi zilembo BNP zokhala ndi chisoti pamwamba. Chidindo chimenechi chinayamba kugwiritsidwa ntchito ku Birmingham cha mu 1954, pa mfuti zolowa pamsika wa anthu wamba. Chikapezeka pa yanuyo, ndiye kuti mfutiyo inali idakali ku England nkhondo itatha kale, ndipo siingakhale kuti inabwera m'katundu wa agogo kuchokera ku nkhondo. Onaninso nambala: iyenera kukhala imodzimodzi pa thupi, pa mpope ndi pa silinda. Kumsana kwa chigwiriro ndi kumene magulu ankadinda zilembo zawo, monga za BSAP, apolisi a dziko lino nthawi ya Rhodesia. Zoterezi zimakweza mtengo, ndipo pa chifukwa chomwecho anthu achinyengo amazidinda okha. Ngakhale zipolopolo za m'kachitini zija zili ndi umboni pa matako ake: kukula kwake, chaka, ndi fakitale, monga K wa Kynoch. Zijambuleni, kenako zipite kupolisi. Zimenezo sizosunga.

Apa pali mawu amene ndimawalankhula mosamala, chifukwa amakhudza ulemu wa makolo. King's African Rifles, imene kwathu timati Keyala, inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo magulu ake oyamba awiri anali a ku Nyasaland, likulu lawo ku Zomba komwe chipilala chawo chidakaimabe. Pa nkhondo yachiwiri anyamata amenewa anamenya ku Abyssinia mu 1941, ku Madagascar mu 1942, ndi ku Burma mu 1944. Kuguba kwawo ndi malipenga awo n'zimene zinalowa m'magule athu a mganda ndi malipenga, moti mukaona akuvina atavala zoyera ndi masokosi aatali, mukuona mthunzi wa Keyala. Koma msilikali wamba wa Keyala ankanyamula mfuti yaitali ya Lee-Enfield .303. Volovolo inali makamaka ya maofesala, omwe nthawi imeneyo anali azungu, ndipo pothetsa ntchito zida zinkawerengedwa n'kubwezedwa. Choncho n'zokayikitsa kuti agogo anapatsidwa Webley ngati chida chawo cha usilikali. Izi sizikutanthauza kuti ankanama. Pali njira zingapo zimene mfuti zotere zinafikira m'mathiranki a matchona ku Mufakose, ku Highfield, ku Mbare ndi ku Dzivarasekwa. Ena anali otumikira ofesala pa nkhondo ndipo anapatsidwa potsanzikana. Ena anadzagwira ntchito ya ukhukhi, ulonda kapena ukapitawo pa mafamu ndi m'migodi, ndipo bwana pochoka m'dziko cha m'ma 1980 anawasiyira. Kwa ine mbiri yachiwiriyi si yochepa poyerekeza ndi yoyamba. Ikunena za moyo umene anthu athu anakhala m'dziko lino, moyo umene mabuku sanaulembe mokwanira.

Za kukwecha, ayi ndithu. Musaikhudze ndi sandipepa, waya wotsukira mapoto, Brasso, viniga kapena makina opukutira zitsulo. Mtundu wakuda wobiriwira umene mukuona pa chitsulocho si litsiro. Ndi khungu limene fakitale inaika dala, ndipo pamene lafwifwa n'kukhala lofiirira ndi pamene dzanja ndi chikwama zinkakhudza kwa zaka. Likachoka silibwerera. Zidindo zija n'zosazama, ndipo kukwecha kamodzi kokha kumazifafaniza ndi kuphwetsa ngodya zakuthwa zimene wodziwa amayang'ana poyamba. Ndili wamng'ono pa ntchitoyi, bambo wina wachikulire anandipatsa Mark IV ya .455 yolembetsa bwinobwino kuti ndimusamalire. Ndinaitengera kwa mmisiri wina m'tauni muno kuti angochotsa dzimbiri la pa mpope. Anaipala yonse pa makina n'kuikuta ndi chitsulo chonyezimira ngati bampala ya galimoto. Zilembo za gulu zomwe zinali kumsana kwa chigwiriro zinatheratu, ndipo ine ndinali ndisanazilembe paliponse. Mwini wake anaitembenuza kawiri m'manja, osalankhula kanthu. Mpaka lero zimandipweteka, ndipo kuyambira pamenepo sindilola chitsulo kuchoka pamaso panga ndisanachijambule.

Chimene mungachite n'chochepa, ndipo n'chokwanira. Itulutseni m'chikwama chachikopacho, chifukwa chikopa chimasunga chinyontho ndi mankhwala ofufutira omwe amadya chitsulo. Chikwamacho musataye, ndi mbali ya mbiri yake, koma chikhale pachokha. Donthezani mafuta opepuka, ngakhale a makina osokera, pa kansalu kofewa ka thonje, mupukute pang'onopang'ono. Pamene pali dzimbiri lofiira siyanipo mafutawo agone, mawa mupukutenso. Lotsalalo ndi la mmisiri wa mfuti wovomerezeka. Mafuta asafike pa chigwiriro, chifukwa chigwiriro cha Webley zambiri ndi cha labala wouma wakuda amene amasweka msanga akakalamba. Zomangira zake musamasule, sikuludiraiva ya m'nyumba imaononga mitu yake. Thukuta la m'manja lili ndi mchere, ndiye mukaigwira muzipukuta. Ikadzabwerera kwa inu mwalamulo, malo ake ndi m'sefu yachitsulo yomangiriridwa kukhoma, imene apolisi amafuna kuiona asanapereke chiphaso, ndipo m'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Malichi, muziikamo timapaketi toyamwa chinyontho. Osunga zakale amapakanso phula lopyapyala lotchedwa Renaissance Wax, lomwe linapangidwa ndi akatswiri a ku British Museum.

Kuwombera nayo kuiwaleni. Ma Webley oyambirira anapangidwira wonga wakuda wofooka, ndipo kachitsulo kotseka pamwamba kakatha, mfuti yothyoka pakati imatha kutseguka ikulira. Palinso ambiri a .455 omwe amalonda anawapala kumbuyo kwa silinda kuti alowe zipolopolo za ku America za .45 ACP, zomwe mphamvu yake imaposa imene chitsulocho chinapangidwira. Oterewa amadziwika poti nambala ya m'mphepete mwa silinda imaoneka yodulidwa theka, ndipo mtengo wake umatsika kwambiri.

Nanga kodi ndi yosowa? Mwina ayi. Mark VI zinapangidwa zoposa 300,000, ndipo ku misika ya kunja yabwinobwino imagulidwa madola mazana angapo mpaka kupitirira chikwi. Kuno ogula ndi ochepa, ndipo kuitulutsa m'dziko kumafuna zilolezo zakezake. Zosowa zenizeni ndi monga Webley-Fosbery ya 1901, yomwe theka lake lakumtunda limabwerera m'mbuyo ikalira n'kuzungulitsa lokha silinda yokhala ndi mizere yokhotakhota. Zimenezo sizinafike 5,000. Kapena Colt Walker ya 1847, yomwe zinapangidwa 1,100 zokha, ndipo imodzi inagulidwa madola 1.84 miliyoni pa okushoni ku America mu 2018. Nkhani zotere n'zimene zimachititsa anthu kuganiza kuti chitsulo chilichonse cha m'thiranki ndi chuma. Koma mavolovolo ang'onoang'ono ambiri amene ndimaonetsedwa, olembedwa British Bull Dog, ndi otsanzira opangidwa ku Liège m'dziko la Belgium, ndipo amadziwika ndi zilembo ELG mkati mwa kamzere konga dzira. Ankagulitsidwa motchipa kale, ndipo ndi otchipa mpaka lero. Chimene chimakweza mfuti wamba ndi zinthu zitatu: khungu lake loyamba, manambala ofanana, ndi pepala lotsimikiza amene anaigwira. Maofesala a ku Britain akale ankadzigulira okha mavolovolo, ambiri ku sitolo ya Army & Navy ku London, ndipo mabuku a malonda a sitoloyo akusungidwa ku University of Glasgow, moti nambala yokha imatha kutulutsa dzina la wogula. Mfuti ya boma ngati yanu ilibe buku lotere, ndiye pepala lake liyenera kuchokera m'banja mwanu.

Pa zoti muyambe kusonkhanitsa, ndakondwa, chifukwa mwa ife a Chichewa ochita zimenezi ndi owerengeka, chonsecho makolo athu ali m'kati mwa mbiri ya zidazi. Ngakhale gulu la Rhodesia Native Regiment la 1916 linali ndi anyamata ambiri ochokera ku Nyasaland omwe anali pa ntchito kuno. Koma yambani ndi maso, chikwama chibwere pambuyo. Pitani ku Zimbabwe Military Museum ku Gweru mukaone zenizeni pafupi, mukazolowere maonekedwe a chitsulo chimene sichinakwechedwe. Mfuti iliyonse imene mudzagule idzafuna chilolezo cha apolisi, idzadzera kwa wogulitsa wovomerezeka, ndipo apolisi sapereka ziphaso za mavolovolo mwachisawawa. Sankhani mzere umodzi, mwachitsanzo zida ndi katundu wa Keyala, m'malo motola chilichonse. Zambiri za mzere umenewu sizifuna chiphaso n'komwe: mabaji, mabatani, malamba, zikwama, zithunzi, mamendulo. Zikapanda kutheka kuti Webley ya agogo ibwerere kwanu, pemphani kuti iganiziridwe zopita kumalo osungira zakale dzina lawo litalembedwa pambali pake, kusiyana n'kuti ikadulidwe.

Thiranki ija musaitaye kapena kugawana za m'katimo mothamanga. Khuthulani zonse pa mphasa. Funani kabuku ka usilikali, kalata yowamasula ku Keyala yokhala ndi nambala yawo, chitupa chakale cha ntchito, makalata a mabwana, makadi a bungwe la maliro. Mamendulo a nkhondo yachiwiri ambiri a Britain sankalembedwa maina, ndiye nambala ya usilikaliyo ndiyo ingakutsegulireni makomo ku National Archives ku Zomba, pamene za ntchito yawo kuno mungakazifufuze ku National Archives of Zimbabwe pa msewu wa Borrowdale. Ndipo ngati alipo azakhali kapena amalume amene anakula akuona thiranki imeneyi, pitani sabata ino ndi shuga ndi buledi, muyatse chojambulira mawu pa foni, muwafunse chaka chimene anaiona koyamba mfutiyo, kumene agogo ankagwira ntchito nthawi imeneyo, ndi chifukwa chimene agogo aakazi sankalola munthu kugwira kiyi.